Malita 400 ndi Mipando Isanu

Mzuzu
3 Malichi 2003

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse a pa laini. Kuno tili bwino, kungoti mvula ya ku Mzuzu siidziwa kukata. Amake Mwai akupereka moni wambiri. Mwai ndi Tayamika akufunsa agogo awo tsiku ndi tsiku.

Kalata yanu yonena kuti kampani yakupumitsani ntchito ndinailandira. Mwati kiyi wa nyumba akumufuna pa 31 Meyi. Musade nkhawa. Zaka khumi ndi ziwiri mwatchola tiyi, zakwana. Chipinda chanu kuno takonza kale, mpongozi wanu Hazel wasoka ndi makatani omwe.

Nkhani yabwino ndi iyi: galimoto ija ndinkanena yafika. Ndinakaitenga ndekha ku bodala ya Songwe. Ndi yaifupi koma yamsinkhu, imakoka ndi matayala onse anayi, ndipo tayala la sipeya lili kumsana kwake. Matope a m'minda ya tiyi sangaiopseze. Ndidzafika nayo pakhomo penipeni, anthu onse a pa esiteti adzaone kuti mwana wa Esnat sanapite ku sukulu kukasewera.

Tsono mumvetse bwino za malo. Mipando ilipo isanu. Wanga, wa Hazel, iwiri ya ana, wachisanu ndi wanu. Kumbuyo kuli malo a katundu, timati buti. Kabuku ka galimotoyi kakuti m'butimo mumalowa malita 400. Choncho musankhe zofunika zokhazokha: zovala, Baibulo, zithunzi za abambo. Miphika yakuda ija ndi mtondo mugawire anzanu, kuno zonse zilipo.

Za mayi mukukhala nawoyo, mwaona nokha kuti mipando yatha. Nthawi ilipo, pafupifupi miyezi itatu. Mulankhule ndi a mpingo, kapena mufufuze abale awo ku Milanje, kutsidya kwa malire, poti nkhondo inatha kalekale.

Mundiyankhe msanga.

Ndine mwana wanu,
Goodson

Laini 4, pa Esiteti
Thyolo
19 Malichi 2003

Goodson mwana wanga,

Moni. Ine ndili bwino, zala zokha ndi zimene zikumauma m'mawa. Ndakondwa kuti ana ali moyo. Za galimoto ndauza laini yonse, mpaka akapitawo atsopano andipatsa moni wa manja awiri, chinthu chimene sanachitepo chibwerereni.

Koma kalata yako ili ndi pena polakwika. Munthu amene ukumutchula kuti "mayi mukukhala nawoyo" ali ndi dzina. Ndi aTeleza, mkazi wachiwiri wa malemu bambo ako, ndipo ukuwadziwa bwino. Ku Milanje ukunenako anachokako mu 1986 pothawa nkhondo. Mudzi wawo unapsa, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera kudzawafuna. Chaka chatha anafa mwendo ndi mkono wa kumanzere. Amene amawasambitsa ndine, amene amawatembenuza ndine. A mpingo ndi anthu abwino, koma amabwera Lamulungu, amaimba nyimbo ziwiri n'kumapita. Kwathu ku Mphuka nako ukudziwa kuti malo anatha, ana a mchemwali wanga akulima mpaka pakhomo pa chimbudzi.

Ine sukulu ndinalekera Sitandade 4, koma sikelo ya tiyi yandiphunzitsa masamu. Wati kumbuyo kwa galimoto yako kumalowa malita 400. Ndowa yoyezera chimanga pa msika ndi ya malita 20. Ndiye kuti galimotoyo imanyamula ndowa makumi awiri. Ndinafunsanso kalaliki wa pa sikelo, anadinadina kamakina kake, anati ndi zoona. Mwana wanga, sunagule galimoto, wagula nkhokwe yoyenda.

Ndinali nditaganiza zodzaza ndowa zonsezo. Kamunda kobwereka ka kutsidya kaja kachita bwino chaka chino, komanso ndili ndi makaka a chinangwa ndi nyemba za kalongonda. Njala ya chaka chatha iwe unaimva pa wailesi, ife tinaiona ndi maso, choncho chakudya sindisiya. Koma popeza mipando yatha, ndawayeza aTeleza. Bafa limene ndimawasambitsiramo limadzaza ndi ndowa zitatu, ndipo akakhalamo atapinda miyendo malo amatsala. Ndiye kuti aTeleza ndi ndowa zitatu. Ndichotsa ndowa zitatu za makaka, tinyamula khumi ndi zisanu ndi ziwiri, iwo akhala pambali ndi bulangete lawo. Masamu atha bwino, werengera wekha uone.

Mtondo ndigawa, palibe vuto. Munthu sindigawa.

Ndine mayi ako,
Esnat

Mzuzu
4 Epulo 2003

Okondedwa Amayi,

Moni kwa inu. Tonse tili bwino, Tayamika yekha anali ndi chifuwa koma wachira.

Kalata yanu ndinaiwerengera ku ofesi. Mnzanga wina anasuzumira pa nkhani ya ndowa ija, anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke.

Amayi, malita a m'kabuku si malita a pa msika. Iwo amawerenga ngati mwathira madzi m'butimo mpaka adzaze ngodya zonse. Ndowa ndi yobulungira, siilowa m'ngodya. Mukaika zinayi kapena zisanu, chitseko chayamba kale kukana. Ndajambula butiyo kuseri kwa pepalali kuti muone. Mbali zotumphukazo ndi momwe muli matayala, zimadya malo.

Chachiwiri, munthu sakhala m'buti. Mulibe mpando, mulibe lamba. Kuchokera ku Thyolo kufika kuno ndi ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo marodibuloko ndi ambiri. Wapolisi akatsegula kumbuyo n'kupeza gogo wodwala pakati pa matumba, amene akagone m'chitokosi ndine, osati kalaliki wanu wa pa sikeloyo.

Chachitatu, chimanga chonsecho n'cha chiyani? Kodi mukuganiza kuti Hazel akakumanani chakudya? Mawu amenewo sindinamuonetse, akanakhumudwa.

Ana sindingawasiye, akufuna kuona kumene bambo awo anakulira. Hazel naye watenga kale tchuthi ku chipatala. Mipando ndi isanu, sindinaipange ndine. Chonde Amayi, musaumitse mutu. Mayiwo apezereni malo nthawi ikadalipo.

Ndine mwana wanu,
Goodson

Mzuzu
22 Epulo 2003

Apongozi anga okondedwa,

Ndine Hazel, mayi ake a Mwai. Muli bwanji, Amayi? Ndikulemba pa nthawi yopuma kuno ku chipatala, ndipo bambo a Mwai sakudziwa.

Loweruka ndinkatsuka m'galimoto, ndinapeza kalata yanu m'kabokosi ka kutsogolo. Ndikhululukireni, ndinaiwerenga. Pa ndowa zitatu paja ndinaseka, kenako ndinakhala pansi, misozi inatuluka. Za aTeleza ndinali ndisanamvepo. Zaka zisanu ndi ziwiri za banja, amuna anga sananditchulirepo dzina limeneli. Tsiku lija tinabwera kudzakuonani Mwai ali wakhanda, ananditengera ku Boma mwachangu, ndinkayesa akuthawa udzudzu.

Nditawafunsa, ananena zimene anakuyankhani. Amayi, ine sindinatenge tchuthi. Kumapeto kwa Meyi ana amakhala ali pa sukulu. Ndi iwo amene anati tonse tipite, ndipo tsopano ndadziwa chifukwa chake. Ankafuna mipando idzaze. Ndawauza maso ndi maso kuti ine ndi ana anga sitikhala matumba otsekera munthu malo. Sitibwera. Chiyambire tsikulo tikudya osalankhulana, koma zimenezo ndithana nazo.

Mudziwenso ichi. Mipando ya kumbuyo imapindika, imagona pansi n'kulumikizana ndi buti, munthu angathe kugona. Chipinda chanu nacho ndachiyeza ndi mapazi, mabedi awiri akwana, kungoti kabati ituluke. Anthu ofa ziwalo ndimawasamala tsiku ndi tsiku pa ntchito, sachititsa mantha.

Kalongonda mubwere naye. Kwathu ku Rumphi kulibe, ndimangomumva m'kamwa mwa mwana wanu.

Ndine mpongozi wanu,
Hazel

Laini 4
2 Meyi 2003

Goodson,

Moni. Tili bwino tonse awiri.

Ndamva kuti akazi ako ndi ana sabwera. Amene wandiuza usamufunse, ali ndi nzeru kuposa iwe. Tiwerengenso tsono. Mipando isanu. Umodzi wako, umodzi wanga, yatsala itatu. ATeleza ndi munthu mmodzi, ndipo ndi wowonda. Za bafa zija tiiwale, za apolisi tiiwale.

Chithunzi unajambula chija ndachiona. Wajambula bwino, unkakhoza zojambula kuyambira kale. Koma ngati pali chifukwa china, chinene ndi pakamwa pako. Usabisale kuseri kwa kabuku ka ku Japan, sindinakulere choncho.

Mayi ako,
Esnat

Mzuzu
10 Meyi 2003

Amayi,

Moni. Mwati ndinene, ndinena.

Mayi ameneyo sindimufuna m'galimoto yanga, sindimufuna m'nyumba yanga. Malo alipo, inde. Ngakhale ndikanagula basi, yankho likanakhala lomweli.

Inu mwaiwala, ine sindinaiwale. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene abambo anayamba kugona ku Laini 9. Anali kapitawo wolemekezeka, koma ndiwo ankagula ziwiri, zabwino n'kupita uko. Ndinakuonani mukuchapa malaya awo onunkha utsi wa nyumba ina, mukupukuta maso ndi phewa kuti ndisaone. Anzanga ankandifunsa kuti lero bambo ako ali shifiti iti, ya kwanu kapena ya kwa wothawa nkhondo.

Tsiku limene dzina langa linatuluka kuti ndasankhidwa kupita ku sekondale, ndinathamanga kuchokera ku sukulu mpaka ku Laini 9, kalata ili m'manja. Ndinawapeza pakhonde pa mayiyo akudya. Abambo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Dikira uko, sukuona tikudya?" Ndinaima padzuwa mpaka anasamba m'manja. Mayiyo anali pompo, sanati n'kanthu.

Abambo atamwalira ndinkayesa zatha. Ndinabwera pa holide ya Fomu 3, ndinamupeza m'nyumba mwathu, akuphika pa mafuwa anu. Nditafunsa munati ndikhale chete, ndinakhala chete zaka khumi ndi ziwiri. Ndinalumbira kuti ndikadzapeza bwino ndidzakuchotsani pa laini imeneyo ndi kukuchotserani mayi ameneyo. Ndikuchitira inu zimenezi. Chimene chikundiwawa n'chakuti simukuona.

Ndifika Lachisanu pa 30, ndekha. Ndidzatenga inu ndi katundu wanu.

Goodson

Laini 4
18 Meyi 2003

Mwana wanga,

Moni. Tsopano walankhula ngati munthu. Ndiye ndimvere nanenso, chifukwa izi ndinena kamodzi kokha.

Ukuti ukudana ndi aTeleza chifukwa cha ine. Ndani anakutuma? Chidani chimenecho chinali changa, ndipo ndinachigwira ntchito kuposa mmene iwe ungathere. Zaka zinayi sindinawapatse moni. Ndinawatayira mphika m'ngalande. Pa maliro a bambo ako ndinakana kukhala nawo mphasa imodzi, anthu akuona.

Bambo ako ataikidwa, nyumba ya ukapitawo analanda. Anandilemba ntchito yotchola n'kundipatsa kachipinda kano, koma ukudziwa lamulo la pa esiteti. Mvula ikatha, mu Epulo, amachotsa anthu ambiri. Amatsala okhawo amene makilo awo akhala akukwana, ndipo nyumba imatsala ndi wotsalayo. Ine ndinali mkazi wa kapitawo, ndinali ndisanatcholepo. Mu Januwale zala zinatupa, masamba ankandipulumuka. Anzanga akupita ku sikelo kachitatu, ine dengu loyamba lisanadzaze. Kalaliki anandiuza kuti mayi, mukatere simuona Epulo.

ATeleza anali mzere woyandikana ndi wanga. Tsiku lina ndinatsitsa dengu kuti ndiwongole msana. Pobwerera ndinapeza lalemera. Ndinawayang'ana, iwo anayang'ana kumbali. Mawa lake chimodzimodzi. Ankadikira akapitawo atembenuke, n'kukhuthulira masamba awo m'dengu mwanga. Miyezi itatu anachita zimenezo, ndipo miyezi itatu sitinalankhulane. Ndinkapita ku sikelo ndi thukuta la mkazi mnzanga kumsana, ndikutukwana mumtima.

Mu Epulo mayina anatuluka. Langa linalipo, lawo panalibe, chifukwa makilo awo ndi amene anaperewera. Chipinda chawo cha ku Laini 9 chinapita. Ndinawapeza akugona m'khitchini ya anthu, ndinawafunsa kuti munachitiranji zimenezi. Anati, "Mwana ali pa sukulu. Akabwera pa holide adzafikira kuti?" Ndinanyamula mtolo wawo, ndinabwera nawo kuno.

Nyumba imene unawapezamo akuphika ija, imene unkawerengeramo mabuku ako a Fomu 4, anaigula ndi iwo ndi manja awo. Sindinakuuze chifukwa ndinkachita manyazi. Kupulumutsidwa ndi munthu amene unamutayira mphika kumawawa, mpaka lero kumandiwawa. Ngati walakwa podana nawo, nanenso ndinalakwa pokubisira.

Ubwere pa 30 monga wanenera. Koma kumene aTeleza sakulowa, inenso sindilowa.

Mayi ako,
Esnat

Kuseri kwa chigayo cha aEllen
Thyolo Boma
5 Juni 2003

Amake Mwai, mpongozi wanga,

Moni. Muli bwanji ndi ana? Onani adiresi pamwambapo, tasamuka. Ndikudziwa kuti amuna anu afika ali duu, ndiye ndati mumve kwa ine zimene zinachitika.

Anafika Lachisanu masana. Galimotoyo ndi yokongoladi, sindinama. Laini yonse inatuluka, ena mpaka kuisisita. ATeleza anali pa mphasa pakhonde, nditawaveka chilundu chatsopano. Iye anandipatsa moni ine, kenako anapereka moni kwa denga.

Ndinamufunsa kuti, "Kalata yanga unawerenga?"

Anati, "Iti? Yomaliza ndi ija ya mipando itatu."

Pamenepo ndinadziwa kuti ina ija sinafike. Munali nkhani imene ndinaisunga zaka khumi ndi ziwiri. Pa pepala inatuluka, koma pakamwa, pamaso pa aTeleza ndi anthu onse aja, inakana. Ndinangoti basi, tiyeni tipakire.

Tinathira chimanga m'matumba, thumba lililonse ndowa zitatu. Loyamba linalowa, lachiwiri, lachitatu. Lachinayi tinachita kulikankha ndi bondo kuti chitseko chitseke. Ndowa khumi ndi ziwiri zokha. Pamenepo mwana wanga ananena zoona, ndikuvomera. Kaya ndowa za ku Japan n'zazing'ono, kaya. Koma mkatimo munali mbee, mipando inayi yopanda munthu.

Anatsegula chitseko cha kutsogolo nati, "Amayi, lowani muyese."

Ndinati, "Ayambe aTeleza."

Anati, "Amayi, musandichititse manyazi pagulu."

Ndinati, "Manyaziwo wabwera nawo wekha kuchokera ku Mzuzu, ine sindinakupakirire."

Anakagona ku resitihausi ku Boma. Loweruka m'mawa anabweranso, maso ali ofiira, tinabwereza mawu omwewo. ATeleza anandikoka chitenje n'kundinong'oneza kuti, "Pitani ndi mwana, ine ndiona chochita." Ndinawauza kuti atseke pakamwa. Aona chiyani, munthu wosatha kufika yekha ku chimbudzi?

Nthawi ya teni akapitawo anabwera, ndinapereka kiyi. Goodson anaima pafupi ndi galimoto, injini ikulira, akuyesa kuti nyumba ikatsekedwa ndifewa. Thirakitala yonyamula masamba inkadutsa, ndinaimitsa. Dalaivala ndi anzake anawakweza aTeleza ndi mphasa yawo yomwe, ine ndinakwera ndi mtolo ndi miphika yanga yakuda. Anatitula pa msewu waukulu, pamenepo tinapeza matola. AEllen a ku mpingo atipatsa kachipinda kosungiramo madeya. N'kakang'ono, kamanjenjemera chigayo chikalira, koma mphasa ziwiri zakwana. Ndikumapeta ufa wa anthu, tikudya.

Ndili pamwamba pa thirakitala ndinaona galimoto yake ikukhota pa mabulugamu paja. Ndinalira, sindikubisirani. Ndi mwana wanga mmodzi yekhayo. Koma sindinamuitane.

Chimangacho dyani, ndi cha ana. Kalongonda ali m'kathumba ka pansi pa mpando wa dalaivala. Mumuwiritse nthawi yaitali n'kumataya madzi, apo ayi amazunguza mutu.

Ndine apongozi anu,
Esnat

Mzuzu
26 Juni 2003

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji? Nanga aTeleza ali bwanji?

Kalata yanu ya pa 18 Meyi inafika dzana. Pa envelopu pali chidindo cha ku Mzimba, kaya inakatani kumeneko. Ndaiwerenga katatu. Nditaiwerenga kachitatu, popita ku ntchito ndinaimika galimoto pambali pa msewu chifukwa sindinkaona bwino.

Ndakumbukira kuti pa holide ija ndinkakana kudya chilichonse chimene iwo aphika, ndipo inu munkaphikanso kachiwiri. Ndakumbukiranso kuti m'mawa ndinkapeza nsapato zanga za sukulu zitapukutidwa, ndinkayesa ndinu.  Za abambo sizinandichoke mumtima, sindikunamizani. Koma ndinasiya amayi awiri pa thirakitala, ine n'kuyenda tsiku lonse ndi matumba anayi. Hazel atawerenga kalata imene munamulembera sanandinyoze, anangoiika pa tebulo pamalo panga podyera.

Dzulo ndinapinda mipando ya kumbuyo, ndinayeza ndi tepi. Kuchokera pa chitseko cha buti kufika kumsana kwa mipando ya kutsogolo ndi mita imodzi ndi theka, kuwonjezapo pang'ono. Ndikufuna kudulitsa matiresi okwana pamenepo kuti aTeleza adzayende atagona. Koma sindikufuna kulakwitsanso masamu. Popeza tepi mulibe, tengani chingwe, muwagoneke chagada, muwayeze kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Mudule pomwe chathera, muchiike mu envelopu, munditumizire.

Ndapempha tchuthi. Ndifika Lachisanu pa 18 Julaye, ngati mundilola.

Ndine mwana wanu,
Goodson

Kuseri kwa chigayo cha aEllen
Thyolo Boma
6 Julaye 2003

Goodson,

Moni. Tili moyo tonse awiri, ndipo mawu akuti moyowo uwawerenge bwino.

Kalata yako inandisangalatsa mpaka pamene ndinafika pa chingwe. Iwe, wakhalitsa m'tauni mpaka waiwala? Munthu amene timamugoneka chagada n'kumuyeza ndi chingwe kuyambira kumutu mpaka kuphazi ndi ndani? Chingwe chimenecho chimapita kwa okhoma bokosi ndi kwa adzukulu okumba manda. Bambo ako anawayeza choncho iwe uli pompo. Ndinafuna kuidumpha ndimeyo, koma ndinali nditayamba kale kuwawerengera aTeleza mokweza. Anaseka mpaka ndinachita kuwamwetsa madzi. Kenako anati nditenge cholembera. Chiyambire sanalemberepo munthu kalata. Mawu otsatirawa ndi awo, ine ndangogwira cholembera.

Mwanaka Goodson. Kwathu timatero ponena kuti mwana wanga. Ukakana dzinali palibe mlandu, ine ndanena.

Ndamva zonse. Amayi ako anandiyeza ndi bafa osandiuza, akuti ndine ndowa zitatu. Iwe ukufuna chingwe. Banja lanu lino ndi la akalaliki a pa sikelo, eti? Ine sindine makaka, komanso sindinafe.

Za masamba aja amayi ako alakwa kukuuza. Sindinathire kuti udzandilipire ndi galimoto. Ndinathira chifukwa ana anga awiri anatsala m'njira pothawa nkhondo, ndiye ndinati uyu yekha afike kumene akupita. Ngati ukubwera kudzabweza masamba, khala konko, ndinawaiwala.

Tsiku lija unaima padzuwa ndi kalata ya sukulu, ndinakuona. Ndinafuna kukuitana udzadye, ndinaopa bambo ako. Ndinali mlendo wopanda kwawo, ndinkaopa chilichonse. Pamenepo ndinalakwa, ndipo ndakhala nacho. Ukafuna kundikalipira, udzandikalipire ndili pamaso pako, osati kudzera mwa amayi ako.

Matiresi usadulitse. Sindikagona kumbuyo ngati maliro. Ndinalowa m'dziko lino wapansi, m'tchire, nditaweramitsa mutu. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndaona tiyi yekhayekha. Akuti dziko lino ndi lalitali, ndikufuna kuliona ndili tsonga. Ndidzakhala kutsogolo, pafupi ndi iwe, undimange ndi lamba wakoyo. Amayi ako adzakhala kumbuyo ndi miphika yawo yakuda, avomera kale ngakhale akung'ung'udza.

Chingwe sindikutumizira. Pa 18 udzatipeza titamanga mitolo. Koma usadzaime pa msewu n'kumaliza hutala. Udzalowe m'kachipinda muno, udzandipatse moni ndi dzina langa, udzandinyamule ndi manja ako mpaka pa mpandopo. Ukadzatero udzadziwa wekha kutalika kwanga.

Kulemba sinditha. Chala chili pansipa ndi changa, cha dzanja limene likugwirabe ntchito.

Teleza